Malata makumi anayi ndi awiri a ku Dedza

Tendai ndi Chisomo, ana anga. Mwakhala mukundifunsa, wina pa foni ali ku Joni, wina pamaso, kuti thukuta langa la zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu linapita kuti, poti mpaka lero amayi anu ndi ine tikuchita lendi zipinda ziwiri ku Dangamvura kuno ku Mutare. Nthawi zonse ndimakuyankhani ndi ukali. Lero ndalemba. Muwerenge mpaka kumapeto, ndipo musadzandifunsenso.

1991 mpaka 1999

Nditamaliza Fomu 4 ndinalembedwa pa fakitale ina ya matabwa ku Paulington, ntchito yake yonyamulira masipanala fitala, wokonza makina. Fitalayo anali a Gwaze, Mmanyika wa konkuno, wamfupi, amene macheka anawadya zala ziwiri. Ntchito ankaidziwa. Ankayika kumapeto kwa sikuludiraiva pa makina, chogwirira chake pa khutu, n'kunena kuti bering'i iyi sifika Lachisanu, ndipo sinkafikadi. Koma pakamwa pawo panali ponyansa. Dzina langa lakuti Mbewe sanalitchulepo chaka choyamba chonse. Ine ndinali Mubhurandaya, ndilo dzina limene ankatinyoza nalo tonse a makolo ochokera ku Malawi, ngakhale bambo anga Blantyre anangoimva pa wailesi. Tsiku lina ndinawagenda ndi sipanala yaikulu. Inawaphonya, inaswa galasi la geji. Ndinkayesa ntchito yatha. Iwo anatola sipanalayo, n'kuipukuta pa ovolosi, n'kunena kuti, "Dzanja uli nalo, mnyamata. Koma mutu wako ndi boyila yopanda vavu. Idzaphulika m'nyumba mwako momwe." Sanandinenere kwa abwana. Ndiwo anandiphunzitsa ufitala mpaka ndinapeza pepala.

Chimene chinkandiwawa kuposa dzina lija chinali Khirisimasi. Fakitale ikatseka aliyense ankamanga katundu kupita kumusha, kumudzi kwawo, kumene kuli minda ndi manda a makolo ake. Akandifunsa kuti, "Ko imi, kumusha kwenyu ndekupi?" ndinkayankha kuti ku Odzi. Ankaseka, chifukwa ankadziwa kuti ndikunena komponi ya pa famu ya fodya kumene agogo anu anali kapitawo. Komponi si mudzi. Ndi malo ogona antchito a munthu wina.

2000 mpaka 2004

Famu ija italandidwa, agogo anu anafika kwathu ku Sakubva pa lole ya nkhuni, ali ndi thiranki imodzi, njinga yopanda tcheni ndi wailesi. Zaka makumi anayi pa famu imodzi, katundu wake ameneyo. Amayi anga anali atamwalira kale. Pa malo amene anagawidwa iwo sanapatsidwe ngakhale mzere umodzi, poti chitupa chawo chinkati ndi mlendo. Changanso chinkatero, ine wobadwira pa Odzi pompa. Ndinapita kwa amalume anga ku Mutasa, alongo a amayi, kukapempha kamalo koti mkuluyo alimepo chimanga. Anandiphera nkhuku, anandilandira bwino, kenako anandiuza mwaulemu kuti muzukuru, mwana wa mlongo wawo, ndi mlendo wokondedwa, koma mwana ndi wa bambo ake. Malo ndikawafune kwa a Mbewe.

Agogo anu ankakhala pa khomo tsiku lonse, kuyang'ana msewu. Nkhani yawo inali imodzi. "Kwathu ku Dedza malo alipo. Kuseri kwa nyumba ya mayi anga kuli mwala waukulu wong'ambika pakati. Kuchokera pa mwalawo mpaka ku dambo, ndinkalima ndine. Mlongo wanga Nambewe alipo, akudziwa." Ndinkawakalipira kuti ngati malo analipo munkadikira chiyani zaka zonsezi. Ankangoti, "Ndinkati ndipita chaka chamawa." Anamwalira mu 2004. Tinawaika ku manda a kanselo, a m'tauni, pakati pa anthu amene sankawadziwa. Pobwerera kumandako ndinauza amayi anu kuti ana anga sadzafunsidwa funso la kumusha n'kusowa yankho. Ndinalumbira, ndipo ine ndikalumbira sindimvanso za munthu.

2005 mpaka 2008

Zaka izi mukuzikumbukira pang'ono. Kanyumba ka matabwa kamene tinkakhala kuseri kwa nyumba ya eni ake kanagwetsedwa ndi boma m'nyengo yozizira, tinagona masabata atatu m'tchalitchi. Ku fakitale zitsulo zosinthira zinasowa. Malamba a makina tinkawasoka ndi waya, girizi tinkakanda pa makina akufa kupaka pa amoyo. Malipiro ankabwera m'chikwama chodzadza, koma ukachedwa pa mzere wa buledi sankagula kanthu. Mkulu wa fakitale, mwana wamng'ono wa tayi amene anali asanagwirepo sipanala, anandiuza kuti makina akuima chifukwa mafitala ndi aulesi. Ndinamugwira tayiyo. Sindinamumenye, koma ndinamugwira. Tsiku lomwelo ntchito inatha. A Gwaze, amene anali atapuma kale, ndiwo anandilankhulira kwa kontirakitala wina wa matankala a mafuta ku Feruka, amene ankafuna munthu wokonza mapampu ndi mavavu. Anandiperekeza mpaka pa geti n'kundiuza kuti, "Kuno ndi mafuta, Mbewe. Ukapsa mtima kuno, tipsa tonse mpaka ku Chikanga." Ndalama zochepa zimene ndinali nazo ku banki zinasungunuka mu 2008 ngati mchere m'madzi. Kuyambira pamenepo banki ndinkaidutsa ngati manda.

2009 mpaka 2018

Madola a ku Amerika atabwera ndinayamba kulandira ndalama yogwirika. Mu 2010 ndinakwera basi, kudzera ku Nyamapanda ndi ku Tete, kukalowera pa Dedza. Kanali koyamba kuponda dziko la bambo anga, ndili ndi zaka pafupifupi makumi anayi. Azakhali a Nambewe anandigwira nkhope ndi manja onse awiri n'kulira, akuti mphuno ndi ya mchimwene wawo. Anali ndi ana awiri pamudzipo, asuweni anga: Lefani, mphunzitsi wa pulayimale, ndi mlongo wake Esinala. Esinala atangondiona anati, "Amuna anga afika. Mwachedwatu, ena anakulandani kale." Ndinadabwa, mpaka Lefani anandifotokozera kuti chisuweni chimatero, msuweni wamkazi ndi mkazi wako wa nthabwala. Ankaseka Chinyanja changa. Ndikapempha madzi lilime linkathawira ku Chishona, Esinala n'kumati, "Mwana wa mtchona uyu, tiyenera kumuphika kachiwiri."

Mwala uja ndinaupeza, wong'ambika pakati monga ananenera bambo. Ndinatulutsa madola kuti ndigule malowo. Azakhali anakankha dzanja langa. "Mwana wa mchimwene wanga agule malo kwa ine? Manga, ukhale." Ndinabwerera ku Mutare ndikuyenda ngati ndakwezedwa pa ntchito.

Vuto linali kutumiza ndalama. Kunyamula m'thumba kunali kudzipereka kwa akuba ndi kwa ofufuza katundu pa malire anayi. Ku banki ndinali nditalumbira. Amayi anu ndiwo anandipezera Mai Nasibeko a kutchalitchi kwathu, amene mukuwadziwa, ogulitsa zitenje ndi usipa pa msika wa Sakubva. Iwo ndi obadwira ku Malawi, Chichewa chawo chosasakaniza. Njira yawo inali iyi: ine ndinkawapatsa madola pa msika pompo, iwo n'kuimbira mchimwene wawo wa sitolo ku Lilongwe, iye n'kupereka makwacha kwa Lefani. Madola angawo ankagulira katundu wawo konkuno. Pa madola zana alionse ankatengapo asanu. Ankati, "Ndalama siwoloka Zambezi, achimwene. Chimawoloka ndi mawu."

Tsiku loyamba lomwelo anandifunsa kuti malowo ndagula kwa yani. Nditawauza, anasiya kupinda chitenje.

"Kwa bambo anu? Osati kwa mayi anu?"

"Mayi anga ndi a konkuno."

"Achimwene, mundikhululukire. Kwathu kuja mwana ndi wa mayi. Malo a pamudzi amayenda ndi akazi. Bwanji osagula puloti pa boma, ya mapepala, dzina lanu lilembedwe?"

Amayi anu anali pomwepo, ndipo anati ndi zimene akhala akunena. Ine magazi anakwera. Ndinawauza Mai Nasibeko, anthu akumva, kuti ntchito yawo ndi kuwerenga madola, za banja la a Mbewe azisiye. Ndinati puloti ya pa boma ndi komponi ina, ine ndikufuna pamene bambo anga analima. Iwo anangoti, "Chabwino, achimwene," n'kulemba m'kabuku kawo. Sanabwerezenso.

Zaka zisanu ndi zitatu ndinatumiza. Mwezi wabwino madola zana, woipa makumi atatu. Ovataimu yonse ya ku Feruka, masiku a Sabata amene ndinkagona pansi pa tankala mafuta akundidonthera m'khutu, zonse zinapita kumeneko. Tendai, njinga imene ndinakulonjeza utakhoza Giredi 7 ili m'maziko a nyumbayo. Chisomo, chaka chimene unakhala pakhomo kudikira fizi ya koleji ndi chaka chimene tinagula malata. Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna muchimve bwino, chifukwa anthu akamva nkhaniyi amathamangira kunena kuti abale anandibera. Lefani sanadye ngakhale tambala. Thumba lililonse la simenti ankalilemba m'kope la ana asukulu, malisiti n'kumata ndi phala. Zithunzi ankatumiza pa foni ya Mai Nasibeko: njerwa zikuwotchedwa, khoma lafika pa windo, mitengo ya denga yakwera. Zipinda zinayi, khonde la simenti yofiira, malata makumi anayi ndi awiri. Ndinaiona ndi maso kamodzi, mu 2017, isanaikidwe zitseko. Ndinaima pa chipinda chilichonse n'kutchula dzina: ichi cha Tendai, ichi cha Chisomo.

2019 mpaka 2022

Msana unandigwira mu 2019, titanyamula pampu anthu awiri imene imafuna anayi. Kontirakitala anali akuchepetsa kale antchito, ndiye anandipumitsa ndisanakwanitse zaka makumi asanu. Ndalama yopumira inabwera m'ndalama ya konkuno, imene inkachepa mphamvu sabata ndi sabata. Sindinadandaule kwambiri. Ndinkati ndili ndi kwathu. Kenako kunabwera matenda aja otseka malire, ndipo azakhali anamwalira ine ndili kuno, osatha kukawaika.

Ndinapita mu Okutobala 2022, kukakonza zoti amayi anu ndi ine tisamuke. Ndinapeza pa khonde langa payanikidwa zovala za ana. Esinala ankakhala m'nyumbamo ndi ana ake anayi. Mwamuna wake anali atamusiya, nyumba yake ya zidina inagwa ndi mvula, ndipo azakhali anadwalira ndi kumwalirira m'chipinda chimene ndinati n'cha Chisomo. Zimenezo sizinandipweteke. Nyumba yopanda munthu imadyedwa ndi chiswe. Chimene ndinafuna n'chakuti tilembe pepala, mboni zisaine, kuti malowo ndi a ine ndi ana anga. Lefani, amene tsopano ndiye anali mwini mbumba, woyang'anira alongo ake ndi ana awo, anaitana akuluakulu atatu a banja. Tinakhala pa khonde lofiira lija.

"Msuweni," anatero Lefani, "nyumba ndi yako, palibe akukana. Ukafuna kugonamo lero, Esinala atuluka. Ukhalemo mpaka Mulungu akuitane."

"Nanga akandiitana?"

"Dothi libwerera kwa eni ake."

"Eni ake ndani? Bambo anga sanabadwire pano? Sanalime kuchokera pa mwala uwo?"

"Analima. Amalume anali mwini mbumba, monga ndilili ine lero. Koma mwamuna sasiyira ana ake malo a kwawo. Amasiyira ana a mlongo wake. Ine ndemwe, ana anga kwawo ndi kwa mayi awo ku Mayani. Pano alibe ngakhale phando limodzi."

"Ndiye ine kwathu n'kuti?"

Anayang'ana pansi. "Kwa mayi ako, msuweni."

Ndinaseka, kuseka koipa. Kwa amayi anandiuza kuti mwana ndi wa bambo. Kwa bambo akundiuza kuti mwana ndi wa mayi. Ndinafunsa chifukwa chimene anandisiyira kutumiza ndalama zaka zisanu ndi zitatu osandiuza. Lefani anati, "Tinkayesa ukudziwa. Ndani sadziwa zimenezi? Amayi anati manga ukhale. Za ana ako sanatchule." Ndinabwereza mawu a azakhali m'mutu mwanga, ndipo zinali zoona. Sananame. Ine ndi amene ndinamva zimene ndinkafuna kumva.

Mwina zikanathera pamenepo. Koma mkulu wina pa atatu aja, pofuna kundithandiza, anati ngati mtima wanga suli bwino ndikhoza kutenga zimene ndinabwera nazo, malata ndi zitseko, monga amachitira mkamwini akamachoka pamudzi wa mkazi wake. Mkamwini. Pamudzi pamene bambo anga anadulidwa mchombo, ine ndifanizidwe ndi munthu wobwera kudzakwatira. Ndinaimirira n'kunena kuti ndamva, mawa ndiyamba.

Ndinagona kwa Lefani usiku umenewo, ndipo anandichonderera kuti ndidikire mvula ipite, mitambo inali itayamba kale kusonkhana cha ku phiri. Ndinali ndi usiku wonse woti ndisinthe maganizo. Musadzanene kuti bambo anachita mosaganiza. Ndinaganiza, ndipo m'mawa ndinabwereka makwerero ndi chitsulo chozulira misomali.

Ndine fitala. Ndinazula msomali uliwonse mosang'amba lata, ndi msana wanga wowonongekawu, masiku awiri. Palibe anandiletsa. Palibe anatukwana. Zikanakhala bwino wina akanandigenda. Esinala ankatulutsa katundu wake mwakachetechete, mphasa, mapoto, matumba a chimanga, n'kumaunjika pafupi ndi mwala uja, kufunditsa mapepala a pulasitiki. Ana ake anaima pabwalo kundiyang'ana. Lata lililonse likachoka, dzuwa linkagwera m'chipinda, ndipo ndili pamwambapo ndinkaona m'kati mwa nyumba yanga yonse, yosesedwa bwino, pansi popakidwa polishi. Ankaisamala kuposa mmene ine ndikanaisamalira.

Malatawo ndinawakweza pa ngolo ziwiri kupita nawo pa boma. Wogula anati ali ndi mabowo a misomali, ndi akale. Anandipatsa ndalama yosafika theka la mtengo wake. Zitseko ndinazisiya, mphamvu zinali zitatha.

Tsiku lonyamuka, ndili pa depoti kudikira basi ya ku Harare, ndinaona Esinala akubwera atasenza thumba. Anayenda wapansi kuchokera kumudzi. Analitula pa mapazi anga, mtedza ndi nyemba.

"Amuna anga, mwaiwala kamba wa panjira," anatero. "Mukapereke moni kwa mkazi mnzanga. Mumuuze kuti ndamubwezera katundu wake ali wamoyo."

Anaseka pang'ono, monga mwa chisuweni, koma maso anali ofiira. Ine amene ndinagwira bwana tayi, amene ndinagenda a Gwaze, ndinatambasula manja onse awiri. Ndinalandira thumbalo. Mvula inatipeza tisanafike ku Tete, yamphamvu, yochokera kumbuyo kwathu.

2023 mpaka lero

Ndalama ya malata inatha m'miyezi itatu, pa lendi ndi mapiritsi a msana. Mtedza uja amayi anu anakana kuudya, ndipo inenso sindinaudye. Tinaupereka kutchalitchi. Amayi anu sanandinene. Anangondifunsa kamodzi, tikudya, kuti ana a Esinala ali ndi zaka zingati. Wamng'ono anali ndi zinayi.

Mu Febuluwale ndinapita pa msika wa Sakubva. Mai Nasibeko nkhani anali ataimva kale, poti mawu amawoloka Zambezi mbali zonse ziwiri. Ndinkayembekeza kuti anena kuti ndinakuuzani. Ndinaika madola patebulo pawo. Anawayang'ana, anayang'ana ine.

"A chiyani, achimwene?"

"Lata limodzi."

"Onse alipo angati?"

"Makumi anayi ndi awiri."

Anatsegula kabuku kawo, tsamba latsopano. Pa ndalama zimenezi satengapo asanu awo. Ndinakangana nawo, anandiuza kuti ntchito yawo ndi kuwerenga madola, ndisawaphunzitse.

Masiku ano ndimakonza mapampu a zitsime m'makomo a anthu ku Dangamvura ndi ku Chikanga, msana ukalola. Ndikapeza yokwana lata, ndimatumiza. Lefani anayambira pa chipinda chogona ana, kwinako kukadali udzu ndi pulasitiki. Amatumiza chithunzi monga kale, ndi lisiti. Sitinakambiranepo za tsiku lija, iye kapena ine.

Tsono mverani. Nyumba imeneyo si yanu. Musadzapite kukaifunsa, musadzalembere munthu kalata, musadzamvere loya aliyense. Tendai, ndamva kuti ukusunga ndalama ku Joniko zoti ugule malo. Gula kulikonse kumene ungafune, kuno, ku Malawi kapena komweko, koma pakhale pepala la dzina lako, ndipo mayi wa pamsika akakuchenjeza, tseka pakamwa umve. Funso la kumusha ndalephera kukuyankhirani. Ndikafa mundiike ku manda a kanselo, pafupi ndi agogo anu ngati malo alipo, kuti mkuluyo akhale ndi munthu mmodzi womudziwa.

Malata amene apita ndi makumi atatu ndi limodzi. Atsala khumi ndi limodzi. Ndikapita asanakwane, mumalize ndinu, kudzera kwa Mai Nasibeko. Muwonjezere ya misomali, chifukwa yakale ija ndinaitaya ku dambo.